Dzino la Kondwelani

Munthu uja atafika pakhomo ku Lubuto, mumzinda wa Ndola, n'kunena kuti ndi Kondwelani, Felistus anamupatsa mpando koma mtima sanamupatse. Mlongo wake Kondwelani anachoka ali mnyamata, kutsatira malole a ku Congo, ndipo makolo awo anamwalira asanamve kumene ali. Tsopano apa panali bambo woonda, wa imvi m'ndevu, amene ankalankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chiswahili.

Mayina a makolo ankawadziwa. Ankadziwanso kuti bambo awo ankagwira ntchito mumgodi ku Kitwe asanasamukire ku Ndola. Koma zimenezo, Felistus ankadziuza, aliyense akhoza kuzitola pa malo omwera mowa. Anthu a kutchalitchi anagawanika. Ena ankati mphuno ndi ya malemu bambo ake, ena ankanong'oneza Felistus kuti asamale ndi nyumba imene makolo anasiya, nyumba za amasiye zakhala zikupita motere.

Patapita masabata angapo, mlendoyo anadzuka tsaya litatupa. Felistus atamuona akumwa tiyi mopendeketsa mutu, anakumbukira chinthu chimene palibe wa kumowa akanachidziwa. Ali ana, Kondwelani anamatidwa dzino kuchipatala cha mgodi, la kumapeto pansi kumanzere. Anabwerako akulira, koma mawa lake ankayasamulira ana onse a mumzere wa nyumba zawo kuti aone chitsulo chonyezimira m'kamwa mwake.

Felistus anaperekeza yekha mlendoyo kwa dokotala wa mano m'tauni. Bamboyo anathokoza kwambiri, osadziwa chimene chinamudzutsa mayiyo m'mamawa.

Dokotalayo, mayi wamng'ono thupi dzina lake Philomena, anamujambula ekisire n'kuonetsa chithunzi pakompyuta. Felistus anasendeza mpando pafupi. Mano anaoneka otuwa, ataima ngati mitengo ya mpanda wakale. Dokotala analoza kachigamba kakuda m'mbali mwa dzino lina n'kunena kuti apo ndi pobooka, kuwola kwafika pafupi ndi mtsempha, n'chifukwa chake likupweteka. Kenako anatsata ndi cholembera mzere wa fupa logwira mano. Linali litatsika, ndipo anati ndi matenda a nkhama, akhala akudya pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali.

"Nanga dzino lomata limaoneka bwanji pamenepo?" anafunsa Felistus.

"Ngati anamata ndi chitsulo limawala mbee, kuposa china chilichonse," anatero dokotala. "Apa palibe."

Felistus anafunsa za pansi kumanzere, kumapeto. Dokotala anakulitsa chithunzi n'kumuonetsa mpata wopanda kanthu. Anati pamenepo panali dzino koma linazulidwa kalekale, fupa linachira n'kutseka. Kaya linali lomata kaya ayi, chithunzi sichinganene.

Bamboyo anali chigonere pampando, thonje lili m'kamwa, maso ali pa Felistus. Anadzafunsa atatuluka n'kuima podikira basi.

"Asisi, mumafuna kuona chitsulo chija?" anatero motafuna mawu.

Kenako anati dzinolo analizula munthu wina pamsika ku Kasumbalesa, kumalire a Congo, ndi pulayala, litamusowetsa tulo. Anazinena mosakweza mawu, akuyang'ana kumsewu.

M'basi Felistus anasinkhasinkha. Mawu oti chitsulo, kodi bamboyo anawatenga m'mutu mwake, kapena anangowamva kwa dokotala muja? Iye mwini ndi amene anatchula za pansi kumanzere, bamboyo akumva. Anadzikwiyira kuti anafunsa mokweza.

Atafika kunyumba anamutenthetsera madzi a mchere oti azichukucha, n'kumuphikira phala. Anamuuza kuti asamuke pakhonde lotchinga pomwe ankagona, alowe m'chipinda chimene chinali cha anyamata kale. Bamboyo ananyamula chikwama chake n'kulunjika chitseko cha kumanja, chenichenicho, osafunsa. Felistus anamuyang'anitsitsa mpaka analowa. M'nyumbamo munali zipinda ziwiri zokha, ndipo chinacho chinali cha Felistus, chokiya. Kiyi wake anapitiriza kumumangirira pansonga ya chitenje.