Zokonza za Malume

Chida cha pakompyuta chimene ndinalemba chinali chosavuta. Tinkalemba mndandanda wa mafomu m'fayilo imodzi, ndipo tikamamanga pulogalamu, chidacho chinkalemba chokha mafayilo a pulogalamuyo mazana atatu, n'kufufuta akale. Pamwamba pa fayilo iliyonse ndinaikapo mzere: OSAKONZA PAMANJA.

Malume si malume anga, ofesi yonse imangowaitana choncho. Mafayilo amenewo anawalemba ndi zala zawo zaka khumi ndi zinayi. Chida chitabwera, bwana anayamba kufunsa mokweza kuti Malume masiku ano amatani. Chimene chinawatsalira chinali kukonza mafomu a kasitomala wathu wamkulu.

Anakonza masabata asanu ndi limodzi, m'mafayilo omwe aja. Munthu wokalamba nawo mafayilo sawerenga pamwamba, amangolumphira pakati. Chidacho anachizimitsa pakompyuta yawo, ati chimachedwetsa. Foda ya mafayilo amenewo sinkasungidwanso kwina kulikonse. Ndinakonza choncho ndine, poti zolemba makina n'kusungiranji?

Lachitatu bwana anati tiyese zonse pamodzi, kasitomala akubwera Lachisanu. Malume atatuluka kukasuta, ndinakhala pa desiki yawo, ndinayatsa chidacho n'kumanga pulogalamu. Sipanathe ndi mphindi yomwe.

Atabwerera anatsegula fayilo imodzi, kenako ina, inanso.

"Mwana iwe, zanga zili kuti?"

"Zanu ziti, Malume?"

Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi.

Bwana anafika ataitanidwa ndi phokoso la anzathu. "Zingabwezedwe?"

"Ayi," ndinatero.

"Nanga walakwa ndani?"

Ndikanatha kunena kuti ndinagwira kompyuta ya eni osapempha. Koma ndili ndi ana awiri, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya.

"Pamwamba ndinalembapo, bwana. Onani."

Bwana anawerama, anawerenga mzerewo mokweza, liwu lililonse palokha.

"Malume, mumuuze mwanayu zonse zimene mukukumbukira, aziike mumndandanda. Za inuyo tikambirana kasitomala akapita."

Tonse tinkadziwa kuti amene bwana wakambirana naye, Lolemba desiki yake imakhala yoyera.

Malume anakoka mpando n'kukhala pambali panga. Zokonza zawo zinalipo pafupifupi mazana awiri. Pofika nthawi yoweruka anali atakumbukira khumi ndi zitatu.

"Lemba msanga, mwana iwe," anatero, maso ali pakhoma. "Ichinso chikundithawa."