Lilime la Amake Lusajo

Ntchito yathu pa fakitale ya tiyi ku Tukuyu ndi yolawa. Timandandalika makapu oyera patebulo, kutunga ndi supuni, kumwa mwaphokoso ngati ana osalangidwa, kenako n'kulavula. Amake Lusajo, amene anandiphunzitsa ntchitoyi, ankangolawa kamodzi n'kukuuza kuti masambawo anathyoledwa mvula ikugwa. Atawachita opaleshoni ya khansa ya m'mawere anabwerera kuntchito ali pa mapiritsi, ndipo lilime lija linawathawa.

Ine ndine wofunsafunsa, sindikana.

"Lero zikumveka bwanji?"

"Ngati ndikunyambita khasu, Subilaga. Kapu iyi khasu, iyo khasu."

"Latsopano kapena ladzimbiri?"

"Iwe, kodi unabadwa ndi mafunso m'kamwa?"

Tinayamba kuyesa njira zosiyanasiyana. Nesi anawauza kuti asiye supuni yachitsulo, ndiye ndinawagulira yapulasitiki. Tinayesa kuyamwa ndimu asanalawe, tinayesa chinanazi, tinayesanso tiyi wozizira. Ndimu inkathandiza pa makapu awiri okha. Otsalawo ndinkalawa ndine, n'kumawanong'oneza.

Kenako bwana analengeza kuti Lachisanu kubwera wogula wochokera ku Mombasa, ndipo amene lilime lake silikugwira apita kolongedza matumba. Sanatchule dzina, koma tonse tinamva.

Lachitatu Amake Lusajo anaima pa kapu yachinayi n'kunena kuti, "Uyu wapserera pang'ono." Ndinalawanso: zoonadi, ndipo ine zinandiphonya. Ndinasangalala mpaka kuvina. Koma pa nkhomaliro, tikudya nthochi zophika, chidwi chinandigwira.

"Ndiuzeni, amayi, chathandiza n'chiyani? Ndimu ija?"

"Mulungu basi."

Anayankha maso ali m'mbale. Tsiku lililonse akamaliza kudya ankatulutsa kabotolo ka mapiritsi m'chikwama, koma tsikuli anangosamba m'manja.

"Nanga mapiritsi?"

"Ndawapumitsa. Kasabata kokha, wogulayu abwere apite."

Ndinapsa mtima, ndiponso ndinachita mantha.

"Ndiye khansayo mwaiuza kuti nayonso ipume?"

"Usandilalatire, mwana iwe. Bere anadula, tsitsi linathothoka, ndinangoti zilibe kanthu. Koma lilime? Zaka makumi awiri ndi ziwiri patebulo lija. Ukandichotsa pamenepo ndatsala ndani?"

Ndinangotenga foni yawo, kufufuza nambala ya nesi, n'kuiika pambali pa mbale yawo. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatuluka nayo panja.

Lachisanu wogula anafika, bwana ali pambuyo pake. Amake Lusajo analawa kapu yoyamba n'kulavula. Nditaona mmene anakwinyira nkhope ndinadziwa kuti ayambiranso kumwa mankhwala. Ndinawasendera kuti ndiwanong'oneze monga mwa masiku onse, koma anandikankha ndi chigongono.

"Bwana, lilime langa lili pa mankhwala," anatero mokweza. "Alawe Subilaga. Ndinamuphunzitsa ndine, salakwitsa kawirikawiri."

Ndinalawa makapu onsewo, ndipo wogula anagula.

Lolemba ndinapita kukawaona kolongedza. Ndinali ndi chisoni, mawu owapepesa nditakonzeratu. Ndinawapeza atavala chipewa chabuluu, anthu atatu akudikira ndi makina osokera, iwo atalowetsa mphuno m'thumba lotsegula.

"Ili musasoke," anatero. "Lagona pachinyezi."