Jezi Nambala Seveni

Komatu si fungo la thukuta limene linkamunyansa Boniface Nkhwazi, ayi — thukuta ankalidziwa, anakhala nalo zaka makumi awiri ndi ziwiri ku migodi ya ku Kitwe akulemba mapointi a basiketibolo pa tebulo la m'mbali mwa bwalo — chinkamunyansa ndi kufatsa kumene amuna awiri aja anachitira chinthucho, ngati anthu opatsirana chikho cha madzi kumunda. Anali atachoka pa tebulo lake pa nthawi yopumulira, chinthu chimene sanachitepo miyezi isanu yonse ya mpikisano, kungoti chikhodzodzo cha munthu wokalamba sichimva za malamulo. Ndipo kuseri kwa khoma la nyumba ya makasu, kumene osewera ankakabisala povula kuti asaonetse mimba zawo pamaso pa akuluakulu ndi masisitere a pa mishoni, anapeza Vitus akusolola jezi nambala seveni, yonyowa chonchobe, n'kuipereka kwa Benedict. Benedict anaikutumula kamodzi n'kuivala.

"Mumatere masiku onse?" anafunsa Boniface.

"Eya, aphunzitsi," anayankha Benedict, manja kumbuyo. "Majezi ndi ochepa. Ine ndimafika mochedwa kuchokera kwa Zulu, ndiye achimwenewa akatopa ndimalowa ine."

"Nanga jezi yako, thwelofu?"

"Inandithina m'khwapa tsiku loyamba lomwe lija. Imeneyo amavala aliyense."

Anabwerera pa tebulo osataya n'komwe madzi amene anapitira, ndipo tsopano wezulo inali italira, chigawo chachiwiri chitayamba, buku lake la chikuto chakuda lili yasa patsogolo pake ngati nyama yotumbulidwa. Masewero khumi ndi anayi. Pa mzere wa seveni: Vitus, mapointi 246. Pa mzere wa thwelofu: Benedict, mapointi 31. Mainawo anawalemba kamodzi kokha, tsiku loyamba, monga ankachitira ku Kitwe, kumene munthu ankapatsidwa nambala yake kumayambiriro kwa chaka n'kukalamba nayo, kumene majezi ankabwera m'bokosi atasitidwa, pansi pa bwalo pali matabwa osalala, wotchi yamagetsi ikuwerenga masekondi pakhoma — osati kuno, pa simenti yong'ambika iyi ya pafupi ndi Kachebere, mkombero wachitsulo wopanda ukonde utawerama ngati mlomo wa chitsiru, kuno kumene a Habibu, mwini golosale wa pa boma, anagula majezi asanu ndi awiri pa kaunjika kuti avale anthu khumi ndi mmodzi, anthu n'kuwayamika ngati amanga mlatho.

Envulopu inali m'thumba lamkati la jekete, ikumubaya pa nthiti akapuma. Kampani ina ya ku Blantyre, yokhala ndi timu yakeyake, inalemba kuti ikufuna wosewera mmodzi wa m'boma lino: ntchito ya ukalaliki, nyumba yamalata, mpira Loweruka lililonse. Mmodzi yekha. Lachinayi komiti inakhala pansi kuti isankhe, ndipo mkangano unatha maola awiri, iye ndi buku lake mbali ino, a Habibu ndi maso awo mbali inayo. Lero, Loweruka, anali masewero otsanzikana ndi Vitus, ndipo kalata yokhala ndi dzina la Vitus inayenera kuperekedwa kwa kondakitala wa basi ya folo koloko yochokera kumalire.

"Aphunzitsi, ine sukulu sindinapite nayo patali," anatero a Habibu Lachinayi lija, akusisita kandevu kawo, "koma nsalu ndimaidziwa poigwira. Timu iyi ndi Benedict. Akalowa iye, ngakhale opusa amayamba kusewera."

"Diso lili ndi abale, a Habibu. Nambala ilibe mbale."

Anthu anaseka, wina mpaka kuwomba m'manja, ndipo iye — apa ndi pamene malovu ankamuwawira tsopano — iye anakondwa, anakondwa ngati mwana wopatsidwa chingwa, anatsegula buku n'kulizunguliritsa m'chipindamo kuti aliyense aone mizere yowongoka, anawaphunzitsa ngati ana a sitandade wanu kuti kumayiko kumene mpirawu ndi ntchito yolipidwa anthu sasankhidwa ndi kukoma kwa nkhope. Mawu a diso ndi nambala aja sanali atsopano n'komwe. Anawapeka kalekale ku kalabu ya pa mgodi, kumene ankakangana Lamlungu lonse za osewera a ku Amereka amene palibe mmodzi anawaonapo, akungowadziwira m'magazini ofika atatha miyezi itatu panjira, wakuti amaponya makumi atatu pa masewero, koma wakuti amatola mipira yobwerera yambiri, nanga wamkulu ndani — ndipo iye ankapambana nthawi zonse, chifukwa ankaloweza manambala pamene anzake ankaloweza mphekesera. Anabwera nawo mawu amenewo m'sutikesi, pamodzi ndi mabuku ake ndi taye, ngati mankhwala odzachizira dziko lobadwira.

Chimene sanabwere nacho poyera ndi ng'ala. Inayamba ku Kitwe konko, ndiyo inamupumitsa ntchito, ndipo kuno sanauze munthu, ngakhale mlongo wake Esitele amene ankamuphikira. Mtchona wobwerera wopanda nyumba, wopanda mkazi, wopanda galimoto, akavomerenso kuti alibe maso atsala ndi chiyani? Kuchokera pa tebulo, osewera anali zithunzithunzi zazitali zamitu yometa, zofanana ngati mapesi, ndipo chooneka bwino chinali chimodzi basi: manambala oyera aakulu a kumsana. Ankawatsatira amenewo. Anthu akamakuwa maina m'mbali mwa bwalo iye ankatseka makutu, poti phokoso la anthu osadziwa malamulo ankaliyesa kulira kwa achule — akanamvetsera kamodzi kokha, kamodzi, akanamva dzina limene ankakuwa mu chigawo chachiwiri.

Nambala seveni inadumpha pansi pa mkombero, mpira n'kulowa. Pensulo inatsika yokha, mwachizolowezi, n'kuima m'malere pamwamba pa dzina la Vitus.

Ndipo tsopano ankamva, poti makutu analibe ng'ala: seveni wa chigawo choyamba anali ndi nsapato zolira pa simenti, zolemera kuchidendene, pamene uyu ankathamanga ndi phazi lopanda kanthu, phaphapha, mopepuka, n'kumaitana anzake ndi kamluzu asanawapatsire. Anthu awiri osiyana ngati mvula ndi dzuwa. Miyezi isanu. Anatembenuza masamba mofulumira, mphuno ili pafupi ndi pepala, akuwonkhetsa za chigawo chachiwiri zokhazokha: 171. Ndiye kuti choonadi chilimobe m'bukumu, chikhoza kusololedwa ngati minga — koma ayi, ayi, nanga masiku amene Benedict anafika msanga? Nanga amene sanabwere konse chifukwa cha fodya wa m'chigafa, Vitus n'kusewera mpaka kumapeto? Ndani analemba zimenezo? Buku silinkanena za Vitus, silinkanenanso za Benedict. Linkanena za nsalu. Iye, Boniface Nkhwazi, wowerenga mabuku, wonyoza anthu osankha ndi maso, anakhala miyezi isanu akuyeza luso la kansalu ka pa kaunjika, n'kukasankhira ntchito ya ukalaliki ku Blantyre.

Kutsidya kwa bwalo kunali chinthu choyera chokhala pa mpando wopinda: mkanjo wa a Habibu. Kodi ankadziwa? Majeziwo ndi awo, amachapidwa kwawo, sangalephere kudziwa kuti seveni imavalidwa ndi anthu awiri — komano munthu wodziwa wosewera aliyense ndi bambo wake ndi agogo ake angayang'anirenji nambala, angaganize bwanji kuti pali munthu wamoyo amene amaona nambala yokha? Kapena ankadziwa ndithu, anangobisa za majezizo Lachinayi lija akusisita kandevu, kumusiya mtchona akwere mtengo mpaka kunsonga kuti kugwa kwake kudzamveke mpaka ku Chipata. Kapena onse ankadziwa. Kuseka kuja — ankasekera mawu ake, kapena ankaseka iye? Anayesa kukumbukira nkhope zawo m'chipinda muja ndipo anapeza kuti analibe nkhope zoti akumbukire, anali ndi mabala a bulauni oyandama pa mabenchi, ndipo mseru unakweranso, wa dziko lino lopatsirana malaya onyowa, wa anthu aulemu wonyanya obisala kuseri kwa khoma pochita chinthu chimene chikanachitikira poyera sichikanapha munthu, wa iye mwini koposa onse, nkhalamba yonyada yovala jekete mu Okutobala.

Kukonza kunali kosavuta kunena: kung'amba kalata, kuitana komiti, kunena kuti ndinalakwa, maso anga anafa. Koma pansi pa kalatayo panali chidindo chofiirira cha wapampando wa chipani, amene dzulo anaigwira nthawi yaitali osaiwerenga, akuyang'ana Boniface pamwamba pa magalasi.

"Mwatsimikiza, a Nkhwazi? Ndikuika dzina langa apa."

"Manambala sanama, bwana."

Munthu wobwera kuchokera ku Zambia sankabwerera kawiri mu ofesi imeneyo. Anamumeta tsitsi pa chipata cha kumalire tsiku lofika, anagula makadi a chipani a zaka zimene sanali kuno n'komwe, ndipo mpaka lero anyamata a malaya ofiira ankamupatsa moni wautali kwambiri, wofunsa za abale a kutsidya mmodzimmodzi. Akapite akanene kuti bwana, ndinakusainitsani bodza? Anthu ankasowa pa zinthu zochepa kuposa pamenepa. Nanganso Vitus — Vitus analakwa chiyani? Mayi ake anali atagulitsa kale mbuzi kuti amugulire thalauzi la ku ofesi. Mwina ndi wosewera wabwino ndithu, mwina mwa 246 muja zake ndi zokwanira, ndani angatsutse, poti umboni wake ndi womwewo umene wafa? Taonani, anadziuza, taonani mmene maganizo akuthamangira kukabisala kuseri kwa khoma, nawonso, kukasinthana malaya.

Wezulo yomaliza inalira. Sanalembe kanthu chigawo chonsecho. Theka la tsamba linali loyera, ndipo analitseka msanga ngati munthu wobisa chilonda. Mkanjo woyera unadutsa bwalo n'kudzaima pa tebulo, ukununkhira mafuta a m'botolo ndi sopo wa m'golosale.

"Aphunzitsi, nthawi yatha. Kalata ija muli nayo?"

"Ndili nayo."

"Wapansi simuipeza basi. Benedict! Tanyamula aphunzitsi pa njinga, uwatule pa msewu."

Bwanji Benedict? Panali njinga zisanu zotsamira mtengo wa bulugamu, anazimva zikugwetsana pofika — bwanji osatuma wina? Anakweza maso kuti aone ngati pakamwa pa a Habibu pali kumwetulira, koma panali chifunga chokhachokha chokhala ndi kandevu pansi pake.

Anakhala pa kaliyala chammbali, buku m'khwapa, chikhodzodzo chikubaya pa bampu iliyonse. Msewu wafumbi unkatsetsereka pakati pa minda yotentha, phiri lili kumanzere ngati mtambo wakuda umene unakana kuchoka, ndipo Benedict ankapalasa mosamala, akuzemba maenje, monga munthu wonyamula mazira a eni ake. Sanavule jezi, panalibe nthawi yopitira kuseri kwa khoma.

"Musadandaule za ine, aphunzitsi," anatero osatembenuka. "Ndinamva kuti a Habibu anandinenerera. Koma buku ndi buku. Ine ndimayesa ndikuponya zambiri, kani kumangooneka choncho ukakhala m'kati."

Boniface anakanikiza buku m'khwapa.

"Chaka chamawa ndilimbikira. Mudzandionetse pamene ndimalakwitsa."

Ndiye ankakhulupirira. Mwana wa eni ake, wodzuka m'mamawa kukathirira nazale ya fodya, wopalasa mtunda wonsewo kudzasewera theka la masewero ndi phazi lopanda nsapato, anatenga zimene thupi lake linkadziwa, zimene bwalo lonse linkakuwa, n'kuziika pansi pa mapazi a buku lakuda — chifukwa mwini bukulo anakhala kunja, amavala taye, amatchula mizinda. Akanakwiya bwenzi zili bwino. Akanatukwana, akanamugwetsera dala mu dzenje, bwenzi pali poyambira. Koma ulemu uwu, ulemu wonyowa uwu umene ankaupeza paliponse chibwerereni, wovomera chidindo chilichonse, wogwada pamaso pa aliyense wogwira pensulo — ndipo iye amene ankaunyoza tsiku ndi tsiku ndi amene ankaudya, ankakhuta nawo, anali atakwera pamsana pake penipeni tsopano lino akupita kukaponya kalata.

Dzanja lake linalowa m'jekete. Pepala linali lofunda, litafewa m'makona ndi thukuta lake lomwe. Likhoza kugwa. Kalata zimagwa m'matumba a nkhalamba, mphepo n'kuzitengera m'minda. Kampani ikhoza kudikira sabata, kapena osadikira, n'kutenga munthu wa ku Dowa, onse awiri n'kutsala — ndipo ngakhale pamenepo iye akanakhala atabisalabe, osanena mawu atatu okha aja amene anali ndi ntchito: maso anga anafa.

"Benedict."

"Aphunzitsi?"

Kutali, cha kumalire, hutala ya basi inalira kawiri, ndipo Benedict anaimirira pa mapedulo kuti athamange, msana wake n'kudzafika pafupi ndi nkhope ya Boniface, pafupi kwambiri moti kwa nthawi yoyamba m'miyezi isanu anaona chinthu bwinobwino, ulusi uliwonse: seveni woyera wosomphoka m'mphepete, atasokedwanso ndi ulusi wakuda, ndipo mozungulira mwake mizere iwiri ya mchere wa thukuta, wina wouma kale, wina ukadali kuyenda, itakumana pakati pa msana popanda malire oti munthu n'kulozapo chala.

"Mwati bwanji, aphunzitsi?" anafunsa Benedict, akupuma mwamphamvu, osaleka kupalasa.