Mikunga ya Paphwando la Adona

Vihtori Rautio anali msodzi wa ku Terijoki, mudzi wa kunja kwa malire a dziko la Arasha, ndipo madzi a pakati pa mudzi wawo ndi chisumbu cha Kronstadt ankawadziwa ngati khonde la nyumba yake. Nkhondo ya Arasha okhaokha itavuta, Ofiira ndi Oyera akuphana, iye ankawoloka mozemba kukasinthitsa batala ndi fodya kwa asilikali a m'sitima zankhondo za Ofiira. Tsono Angelezi, adani a Ofiira, atafika ndi timaboti tawo taliwiro, tonyamula mabomba oyenda pansi pa madzi, anthu anawalozera kwa iyeyo.

Anawatsogolera ndithu. Anawadutsitsa pakati pa malinga amiyala a m'nyanja mpaka pakhomo pa doko la Ofiira. Zimene anaona kumeneko sanafotokozere ngakhale mkazi wake Hilja. Anangoti kunayaka moto, ndipo maboti ena sanabwerere.

Mlungu usanathe, kunamveka kuti adona a Zinaida Lvovna akukonza phwando lothokoza Angelezi. Mayi ameneyu anathawa Ofiira ku Petrograd ndi mabokosi ake a zovala n'kudzakhala m'nyumba yaikulu ya m'mapaini. Anatuma mawu kuti akufuna mikunga yonona, nsomba zija zonga njoka.

M'mawa mwake Vihtori anapalasa bwato ndi mlamu wake Jalmari kukavuula ukonde. Ukondewo unkalemera modabwitsa.

"Alamu, lero ndiye tapha!" anatero Jalmari, mano onse pamtunda. "Kokani, musamangoyang'ana ngati mwabwera kudzaona alendo."

Chimene chinatuluka anali munthu. Anali atatupa mpaka malaya ake amizeremizere kung'ambika, nkhope itadyeka. Vihtori anamuzindikira ndi dzanja lamanzere lopanda chala chachikulu. Anali Yefim, wophika wa m'sitima ina ya Ofiira, uja ankanunkhiza batala n'kumati, "Wathiramo madzi, mbava iwe," kenako n'kumuninkha tiyi wotentha.

Atamugoneka m'bwato, mimba ya mtemboyo inayamba kugwedezeka. Mikunga inatuluka m'malaya, ina m'khwapa, ina pabala la m'nthiti, yonenepa ngati mkono wa munthu, ikuterereka pamatabwa. Vihtori anasanza mpaka m'maso kuchita mdima. Pocheuka anapeza Jalmari akuitola ndi chiguduli n'kumaiponya m'chidebe.

"Taya zimenezo!"

"Nditaye chiyani? Nsomba iliyonse imadya zake. Munayamba mwaifunsapo imene mumadya kunyumba ija?"

"Jalmari, munthu uyu ndinkamwa naye tiyi."

"Tiyiyo munkamwa naye, komanso njira ya kwawo munalozera ndinu. Ine ndangotola nsomba."

Atafika kumtunda Vihtori anafunditsa mtembowo thanga lakale n'kupita kwa abusa. Abusa anamvetsera akutsuka m'mano ndi kamtengo.

"Wofiira? M'manda mwathu? A Rautio, anthu akhoza kunditentherera tchalitchi. Mubwezereni kumene mwamutenga."

Masana kunabwera wantchito wa adona kudzaitana Vihtori, akuti alendo akufuna kuona munthu amene anawatsogolera. Hilja anamukakamiza kuvala jekete la Lamulungu.

"Pitani, bambo a Saima. Mukakana adzati mwayamba kukonda Ofiira, ndipo mukudziwa zimene zimachitikira otere kuno."

Matebulo anali atawayala panja, pansi pa mitengo. Galamafoni inkalira. Pakati pa tebulo panali mbale yaitali yasiliva, ndipo m'menemo munali mikunga ija, yodulidwa mapisi, ikunyezimira mafuta, atawazapo timasamba tonunkhira. Mkulu wina wandevu zoyera, amene ankavalabe mamendulo a nthawi ya mfumu ya Arasha, anali atatsekereza kansalu pakhosi, akuyamwa minga imodziimodzi.

"Ndi ameneyu!" anafuula adona, akuwomba m'manja. "Bwera kuno, usaope. Ndiwe mwamuna iwe. Tiuze, agalu aja ankakuwa bwanji sitima ikumira?"

"Sindinamve, adona. Injini inkasokosa."

"Aa, zachisoni. Koma nsomba zanuzi! Chiyambire nkhondo sindinalawepo zonona chonchi. Zimadya chiyani kuno?"

Jalmari, amene anaima chapatali chipewa chili m'manja, anayang'ana kumitengo. Vihtori anaona mafuta akutsikira pachibwano cha mayiyo, mpaka pamkanda wa m'khosi.

Mkulu wa Angelezi anali wowonda, maso ofiira chifukwa chosowa tulo. Anali atataya anzake m'madzi omwewo, komabe foloko yake sinkapuma. Analankhula kudzera mwa womasulira.

"Bwana akuti mwezi ukachepa adzapitanso. Akuti ukonzeke."

"Auzeni apeze wina."

"Wati chiyani?"

"Maso anga afooka. Ndingawagundike pamwala."

Mngeleziyo anamuyang'ana kanthawi, n'kugwedeza phewa, n'kufunsa ngati pali wina wodziwa njira. Jalmari anali atayamba kale kusendera kutebulo. Wantchito anabweretsera Vihtori mbale yokhala ndi pisi limodzi la mkunga ndi kagalasi ka kachasu wawo. Anamwa kachasuyo kuti atsuke m'kamwa, mbale ija anaisiya paudzu, ndipo anachoka osatsanzika.

Anapeza Hilja atakhala pafupi ndi thanga lija, akuingitsa akhwangwala ndi nthambi. Anali atabweretsa mafosholo awiri. Anasankha malo kuseri kwa mulu wa mchenga, kumene mafunde safika, n'kuyamba kukumba. Mchenga unkagumukira m'dzenje, iwo n'kumachotsa, fungo likuwakakamiza kupuma ndi pakamwa. Kuchokera m'mapaini muja kunkamveka nyimbo ndi kuseka kwa adona.

"Anali wopemphera?" anafunsa Hilja.

"Kaya. Ankatukwana kwambiri."

"Tingomunenera Atate Wathu. Akakana, akakanira komweko."

Anamutsitsa ndi zingwe za ukonde, nanena pempherolo mothamanga, mphuno atatseka ndi malaya. Atakwirira, Hilja anayang'ana mapazi a agalu amene anali mbwee pamchengapo.

"Tiyeni tikatute miyala," anatero. "Ikuluikulu, osati timiyala tanu taulesi tija."