Amayi a Mufoni

Nachoko anafufuta bolodi pang'onopang'ono, ngati munthu wosafuna kuti ntchito ithe. Dzinali anamupatsa ndi mchimwene wake, chifukwa ali mwana ankalemba pakhoma la khonde ndi tizidutswa ta choko totola kusukulu. Kuno kudziko la eni, kumene anadzipereka kudzaphunzitsa Chingerezi, panalibe wolidziwa. Onse ankangoti Madamu.

Teremu yoyamba inatha m'mawa umenewo. Mipando inali itagadamitsidwa pamadesiki, miyendo m'mwamba. M'thumba la juzi yake munali kiyi wa kalasi. Ahedi anali atamuuza mwachidule: "Ngati mubwerenso teremu yamawa, sungani kiyiyo. Ngati ayi, mukamukoleke pamsomali wa muofesi. Wodzipereka sitimukakamiza." Koma satifiketi yoti ikamutsegulire makomo a ntchito kwawo ankapereka kwa womaliza chaka chonse.

Anayang'ana desiki lakumbuyo, pafupi ndi zenera long'aluka. Pamenepo pankakhala kamtsikana kamene kanatha masabata kali duu, milomo ngati yosokedwa. Tsiku lina kanaimika dzanja n'kupempha pensulo m'Chingerezi, chiganizo chathunthu. Nachoko anatembenukira kubolodi kuti ana asaone misozi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, anadziuza tsikulo.

Foni inalira. Pagalasi panaoneka mng'ono wake, amene Nachoko anamusiyira mwana wake, ndipo kumbuyo kwake khoma lija la khonde, utoto utafwifwa.

"Achemwali, mwanenepatu! Akukudyetsani chiyani kumeneko, madikishonale?"

"Iwe, pakamwa pako sipanatsekekebe? Mwana ali kuti?"

"Ali pompano, akundikoka siketi. Bwera iwe, udzapereke moni."

Kankhope kanadzaza galasi lonse. Pamene Nachoko ankanyamuka kwawo, mwanayu ankangotha kunena "mama", dovu lili chuchuchu. Tsopano anamuyang'anitsitsa, kenaka anatembenukira kwa mng'ono uja.

"Amayi, auzeni amayi a mufoniwa kuti ine ndikusewera. Aimbe mawa."

Mng'onoyo anaseka mpaka foni kugwedezeka. "Mwamva? Dzulo wakalipira wogulitsa makala kuti wadetsa khonde!"

Nachoko anaseka nawo, koma kunali kuseka kwa pamano. "Anayamba liti kulankhula chonchi?"

"Kaya. Tinangodzuka tsiku lina, wailesi yatseguka." Mng'onoyo anayandikitsa nkhope, kuseka kutatha. "Achemwali, musayambe. Malizani chaka, satifiketiyo muitenge. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana sakuthawa."

"Sakuthawadi," anavomera Nachoko. Koma mwana uja anali atatsika kale pamiyendo, akuthamangira kumene foni siinkaona.

Atadula, anatsitsa mpando umodzi n'kukhala. Tsiku limene kamtsikana kakumbuyo kanalankhula ankalikumbuka lonse, mpaka mvula imene inkawaza pazenera. La mwana wake panalibe amene analisunga. Sanamuimbe mlandu mng'ono wake. Mwambi uja wa mwana wa mnzako, mng'onoyonso anaumvera bwino lomwe.

Muofesi anapeza ahedi akumanga malipoti ndi chingwe. Kiyi atalira pamsomali, iwo anadzutsa mutu n'kuvula magalasi.

"Ana akusowani, Madamu. Makamaka wakumbuyo uja."

"Inenso ndiwasowa. Uja musamubwezere kumbuyo, mumuike kutsogolo. Amayankha ngati mwamudikira."

"Nanga satifiketi?"

"M'mera m'poyamba, ahedi. Wanga uli kwina."

Ahedi sanatsutse. Anamugwira dzanja nthawi yayitali.

Panjira yopita pageti, Nachoko anapisa dzanja m'thumba muja munali kiyi. Anakhudza kachidutswa ka choko, kotalika ngati chala cha mwana. Sanakataye. Khoma la pakhonde paja linali lidakali ndi malo, makamaka cham'munsi.