Thumba Lakumanzere la Jekete ya Bwana

Atolankhani akhala akudzivutitsa kufufuza chifukwa chimene bwana wanga, phungu wa nyumba ya malamulo, amasinthirasinthira maganizo pa nkhani ya chamba. Ena amati wawerenga kafukufuku, ena amati madamu am'kalipira. Akanangondifunsa ine sekilitale wake.

Bwana amawerenga pepala lililonse limene alipeza m'thumba lakumanzere la jekete, ndipo amaliwerenga ndi mtima wonse, mitsempha ya pakhosi ili njo. Tsiku lina anawerengera nyumba yonse malangizo a kagwiritsidwe ntchito ka ketulo yamagetsi, anzake n'kumamenya matebulo kuvomereza.

Jeketeyo imakhala pa msomali kuseri kwa chitseko, ndiye aliyense amaponyamo zake. Abusa akadutsa Lolemba, chamba chimakhala udzu wa Satana. Lachitatu akabwera amalonda a nsapato zosongoka, chimasanduka mankhwala a nyamakazi.

Ine zinkandiwawa. Achimwene anga anali m'ndende, zaka zisanu, chifukwa cha mitengo itatu imene anabzala kuseri kwa bafa. Choncho tsiku lovota ndinatayipa zanga. Mu ofesi munatsala pepala limodzi lokha, moti kutsogolo ndinalemba zoti chamba chivomerezedwe, kuseri zoti onse amene anamangidwa chifukwa cha chamba atulutsidwe. Jeketeyo ndinaikumbatira m'mawa wonse, ngakhale kuchimbudzi ndinapita nayo. Abusa anaizungulira kawiri, n'kubwerera ndi pepala lawo.

Bwana analankhula mpaka a mbali yotsutsa kutulutsa mipango yopukutira misozi. Atafika pa mzere womaliza anapinda pepala n'kukhala pansi. Zaka zonsezi sindinadziwe kuti munthuyu satembenuza pepala. Ndinamukodola ndi dzanja kuti atembenuze kuchokera pa mipando ya alendo, iye n'kundibayibitsa akumwetulira.

Lamulo linadutsa. Chilolezo cholima anapatsa okhawo a minda yokhala ndi mpanda wawaya, ndipo woyamba kulandira anali bwana.

Nditapita kukawaona achimwene ndinawapeza atada ndi dzuwa, manja ali matuza okhaokha. Ndinalira, n'kuulula zonse za pepala lija. Iwo anati ndisadandaule, masiku ano akaidi amawatulutsa m'mawa uliwonse kukapalira munda wina waukulu wa mpanda wawaya.

"Ukawauze bwana ako kuti akuthirira mopitirira muyeso, mizu iola," anatero. "Koma asade nkhawa, mlongo. Ndikhalapobe zaka zinayi, ndiziwayang'anira chamba chawocho."