Mlonda wa Pachilumba

Adokotala anati bambo anga akapanda kupuma, matenda othamanga magazi awatenga chaka chisanathe. Koma munthu woti walondera pageti la fakitale ya sopo zaka makumi atatu mungamupumitse bwanji? Chisiyireni ntchito, ankaima pakhomo kunyumba n'kumafunsa ngakhale ife ana awo kuti tikufuna kuonana ndi ndani.

Ndiye ine, mwana wawo wanzeru zobowa, ndinaganiza zowatengera kumalo kopanda geti. Tinayenda pa boti maola awiri, ine, bambo ndi mayi, mpaka pa kachilumba ka pakati pa nyanja yamchere. Panalibe nyumba, chimbudzi, ngakhale phazi la munthu pamchenga. Mwini boti anati abwera kudzatitenga madzi asanaphwe, tikachedwa tidzaonana sabata yamawa. Mankhwala a bambo ndinatenga a tsiku limodzi basi.

Bambo anamwaza maso uku ndi uku, nkhope itakwinyika.

"Malo onsewa opanda mlonda?"

Anatola ndodo n'kulemba mzere pamchenga, geti n'kukhala lomwelo. Ine anandiletsa kusambira chifukwa ndinalibe chiphaso. Nkhanu ina anaibweza katatu. Mafunde anawachenjeza mwaulemu, kenako mokalipa. Mayi anangokhala pamthunzi n'kumasenda malalanje ngati sakuona.

Boti litabwera, bambo anakana kukwera.

"Mlonda sachoka asanabwere womulandira."

"Bambo, akulandirani ndani kuno? Nkhanu?"

"Imeneyo ayi. Ndi yokayikitsa."

Mwini boti ankaloza miyala imene inayamba kutumphuka m'madzi. Mutu wanga unaima. Ndinagwada, ndinanyengerera, mpaka ndinalira, poopa kuti bambo anga ndawabweretsa ndekha kudzafera pamchenga.

Mayi anandikokera pambali.

"Mwanawe, ku fakitale kuja anangowapatsa kalata yowapumitsa ntchito n'kuika kamera pageti. Palibe anabwera kudzawalandira. Mpaka lero akudikirabe."

Anapukuta m'manja, n'kukaima pamzere paja njo, ngati msilikali.

"Bwana mlonda, ndabwera kudzakulandirani."

"Mwachedwa," anatero bambo.

Kenako anapereka lipoti: mitengo ya kokonati khumi ndi umodzi yonse ilipo, nyanja yalowa popanda chilolezo kambirimbiri, nkhanu ija asaichotsere diso. Anapereka ndodo ndi manja awiri, anakwera boti, nthawi yomweyo tulo, kukamwa kuli yasa. Chibadwire ndinali ndisanawaonepo atagona masana.

"Tiyeni mayi, madzi akutha!"

Mayi anakhala pansi, anatambasula miyendo, ndodo n'kuigoneka pamaondo.

"Mlonda sachoka asanabwere womulandira."

"Mayi, zijatu zinali zongowanyengerera!"

"Kwa iwe. Ine zaka makumi atatu ndakhala chiimire, kusita yunifolomu ya munthu amene ntchito yake inali ndi mpando. Lero ntchito yokhala pansi yandipeza nanenso. Ndisiyireni madzi akumwa ndi malalanjewo, mubwere sabata yamawa."

Manyazi anandigwira. Ulendo wonsewu ndinaukonza osaganizako n'komwe kuti mayi nawonso amatopa.

Mwini boti analiza injini. Ndinagwedeza bambo paphewa kuti adzuke, alankhule ndi akazi awo. Anatsegula diso limodzi n'kuyang'ana kumtunda, kumene mayi anali atayamba kale kuloza nkhanu ndi ndodo.

"Iwe, usamasokoneze munthu ali pa ntchito," anatero, n'kugonanso.